Kuperekeza Ankhoswe Poker Ili Mkati

Tadala, mwana wanga woyamba, anandifunsapo funso tili pa basi yochokera kutchalitchi ku Tottenham, kuno ku London. Mano ake akutsogolo anali atangoguluka kumene. Anafunsa m'Chingerezi, monga amachitira ana athu kuno, koma mfundo yake inali iyi: "Adadi, masewera a makadi amene munkasewera pa kompyuta aja, munkawatha?"

Ndinamulozera galu wina amene ankadutsa mumsewu atavekedwa juzi, iye n'kuiwala. Yankho linalipo, koma limabwera ndi nkhani yochititsa manyazi, ndipo bambo amafuna kuti mwana wake azimuonabe ngati munthu wanzeru kwa kanthawi. Inu si ana anga, choncho ndikuuzani.

Chapakati pa zaka za m'ma 2000 tinkakhala ku Ilford, m'kaflati ka chipinda chimodzi pamwamba pa shopu yogulitsa makadi oimbira foni kumudzi. Masana ndinali porter pachipatala, kukankha odwala pa mabedi a matayala. Madzulo ena ndinkapita ku night school kukaphunzira bookkeeping. Mkazi wanga Esnart ankagwira ntchito ku care home, nyumba yosamalirako okalamba. Kompyuta yakale imene tinagulira za sukulu inkakhala kuchipinda, pa kabati ya zovala, ndipo mpando wake unali mphepete mwa bedi.

Amene anandionetsa njira anali mnzanga wa m'kalasi, mnyamata wa ku Lusaka. Anandiuza kuti pa intaneti pali mipikisano ya poker yolowa ulere, yotchedwa freeroll. "Ni vamahala, mudala," anatero. "Sufaka ndalama olo imozi." Anthu miyandamiyanda amalowa, aliyense amapatsidwa ma chips ofanana, tindalama tabodza tosewerera. Ako akatha, watuluka. Ochepa amene atsala kumapeto amagawana kamphoto ka ndalama zenizeni.

Ine ndinangomva ngati nkhani ya ziweto. Munthu amayamba ndi nkhuku imodzi yopatsidwa. Nkhuku zikaswana amagula mbuzi, mbuzi zikaswana amagula ng'ombe. Kamphoto kaulere kaja ndikalowa nako mpikisano wotchipa, wotchipawo undilowetsa waukulu, ndipo waukuluwo ugula matikiti atatu a ndege. Amayi anga ku Ntcheu anali asanamuonepo Tadala. Ankangomumva pafoni akupuma, chifukwa mwanayo akapatsidwa foni ankachita manyazi n'kungoyang'ana.

Ndinkalota masana, maso ali gwa. Ndikukankha bedi m'makonde ataliatali a chipatala, ndinkaona ndege ikutsika, dothi lofiira likuyandikira pawindo. Ndinkaona amayi akuvula chitenje chawo n'kumubereka mwanayo, ngakhale anali atayamba kale kuyenda yekha. Ndinkamva akumufunsa kuti bambo ako amakudyetsa chiyani kuti uzipepuka chonchi. Kangapo konse ndinapitirira wodi imene ndinkapita, wodwala mwiniwake n'kundikumbutsa kuti tadutsa.

Esnart sanakane, koma anaika malamulo. Loyamba, ndalama ya m'nyumba isalowemo, ngakhale peni, apo ayi kompyutayo ndikaipeza panja pafupi ndi bini. Lachiwiri, anthu a kutchalitchi asamve. Kwa iwo makadi ndi njuga basi, kaya yaulere kaya yolipira.

Malamulowo ndinkawasunga. Chovuta chinali chakuti nkhuku yoyamba ija sinkabwera. Makadi alionse amene ndapatsidwa ankandionekera okongola, ngati uthenga wochokera kumwamba, ndipo ndinkalowa nawo m'nkhondo. Tiyi asanazizire ndinkakhala nditatuluka kale.

Koma Loweruka lina m'nyengo yotentha zinthu zinasintha. Dzuwa linkalowa pawindo, Tadala ankasewera ndi zidole pabalaza, Esnart anali pa off. Makadi ankangobwera ngati akundidziwa. Ma chips anga anakwera mulu. Mwa khamu lonse lija tinatsala matebulo owerengeka, ndipo malo olandirira mphoto ankaoneka chapafupi. M'mutu mwanga ndinali nditasankha kale mpando wa pawindo, woti Tadala aziona mitambo.

Belu la pakhomo linalira.

Anali amalume a Esnart, a Mbewe, ochokera ku Barking. Bambo amenewa ndi nesi wakalekale kuno, mkulu wa mpingo, komanso nkhoswe ya ukwati wathu. Zoimbiratu foni asanabwere sankazidziwa. Ankati mlendo wopanga appointment ndi dokotala. Anabwera ndi jumbo ya usipa umene munthu wina anawabweretsera kuchokera kumudzi, kuti atigawireko.

Munthu sungapereke moni kwa ankhoswe utaimirira, dzanja lina lili pa chitseko. Ndinakhala pa kampando ka Tadala, kuti ndikhale m'munsi mwa iwo, n'kuyamba. Anafunsa za ine, za Esnart, za mwana, za ntchito, za sukulu, za amayi ku Ntcheu, za mvula ya kumeneko. Inenso ndinayenera kufunsa za iwo, za azakhali, za bondo lawo. Kuchipinda kompyuta inkalira kabelu kake kondiitana kuti nthawi yanga yosewera yakwana.

Ndinapempha kuti ndikatseke windo. Ndinathamangira kuchipinda, kusewera, kubwerako. Patapita kanthawi ndinapempha kuti ndikatsegule windo lomwelo chifukwa kwatentha. Ulendo wachitatu ndinangodzuka, ndipo Esnart anandiphimbira kuti ndili ndi assignment ya sukulu yofunika kutumiza lero. Amalume anayamikira khama langa. Anati anyamata ambiri akafika kuno amangoona masitolo.

Tsono pa matebulo a pa intanetipo aliyense amaika kachithunzi pamalo pake. Ena amaika galu, ena galimoto. Moyang'anana ndi ine panali wina amene anaika chithunzi cha mzimayi wachizungu, tsitsi lagolide, milomo yofiira psuu. Ndinali nditangomudyera ma chips ambiri ndithu, ndipo iye analemba pa kabokosi kochezerana kuti ndasewera bwino. Palibe amene anandiyamikirapo pa masewerawa chiyambire. Ndinaweramira pa sikirini, ndikumwetulira mpaka m'makutu, n'kuyamba kulemba zikomo ndi chala chimodzi.

Nthawi yomweyo amalume ankadutsa kupita kuchimbudzi. Chitseko cha kuchipinda ndinali nditachisiya chotsekula pang'ono. Ndinamva munthu akukonza kukhosi kumbuyo kwanga.

Munthu wanzeru akanatembenuka n'kuseka. Ine ndinazimitsa sikirini mwachangu ngati ndagwira moto, n'kuimirira kutsogolo kwake manja ali kumbuyo.

Amalume anabwerera pabalaza, tiyi wawo sanamalize, n'kunena kuti akupita. Esnart anawachonderera kuti adikire chakudya, iwo anakana. Ataona kuti Esnart akuvala nsapato, anamuletsa. "Iwe khala ndi mwana. Andiperekeze bambo a Tadala okha."

Kwathu mlendo satuluka yekha pakhomo. Umamunyamulira katundu, umamutulutsa mpaka panjira, ndipo subwerera iye asanakuuze kuti bwererani. Ndinawerengera mwachangu. Bus stop ili pangodya pomwepa. Pa poker ukachoka pampando, kompyuta imangokutayira makadi ako onse, ndipo pakazungulira imatapako ma chips ako pang'ono ngati msonkho. Mulu wanga unali waukulu. Ndinaona kuti ndiwakweza basi, n'kuthamanga, ndipeza zinthu zili bwinobwino. Ndinanyamula chikwama chawo, tinatsika masitepe.

Tikungofika, basi ya ku Barking inatulukira. Mtima wanga unaimba nyimbo. Zitseko zinatseguka, ine n'kuwapatsa chikwama, koma amalume sanachilandire. Anati basiyo yadzaza. M'katimo munali amayi awiri ndi dalaivala.

Anayamba ndi nyengo. Kuchoka pa nyengo anafika pa mitengo ya nyumba. Kuchoka apo anafika pa nkhani ya bambo wina wa mumpingo mwathu, amene sanamutchule dzina, yemwe anali ndi mkazi wabwino ndi ana, koma anagula kompyuta. Ine ndinkangovomera kuti eya, eya, maso ali pawindo la flati yathu, limene linkaoneka bwinobwino kuchokera pamenepo. Kuseri kwa katani ija ma chips anga ankadyedwa pang'onopang'ono ngati chimanga cholowa anankafumbwe.

Basi yachiwiri inabwera. Amalume anati dalaivala wake akuoneka wothamanga. Itanyamuka ndinaiyang'ana mpaka kukhota, ndipo m'maso mwanga sinali basi ayi. Inali ndege yathu ikupita ku Lilongwe, mipando itatu ili yopanda anthu.

Kenako anandiyang'ana. "Bambo a Tadala, mzungu uja mwayamba naye liti?"

Apa m'pamene ndinazindikira chimene anaona. Kunena zoona kunali kuswa lamulo la Esnart ndi kuuza mkulu wa mpingo kuti mkamwini wake amatchova njuga masana dzuwa likuswa mtengo. Kukhala chete kunali kuvomera mzungu. Ndinasankha njira yapakati, n'kunena kuti si mmene akuganiziramo.

"Onse amayamba ndi mawu amenewo," anatero.

Ndinalumbira kuti munthuyo sindikumudziwa, sitinakumanepo, ngakhale dzina lake lenileni sindilidziwa. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezo ndiye zoopsa kwambiri. Anafunsa ngati ndamutumizirapo ndalama. Ndinati ayi, ndine amene ndamudyera zake. Ananditengera pambali pang'ono, kutali ndi anthu ena amene ankadikira basi.

Pofuna kuwakhazika mtima pansi, ndinawauza zimene mnzanga wa ku Lusaka anandiuza, kuti zithunzi zimenezi si zodalirika. Ndinati, "Malume, musadandaule. N'kutheka kuti ameneyu ndi mwamuna."

Amalume anavula magalasi. Anawapukuta ndi mpango kwa nthawi yaitali kwambiri. Basi yachitatu inaima, inatsegula zitseko, inatseka, inapita, iwo akupukutabe.

Ndinaona kuti njuga ndi mlandu waung'ono poyerekeza ndi kumene nkhaniyi ikulowera. Ndinaulula zonse: makadi, ma chips, nkhuku, mbuzi, ng'ombe, amayi ku Ntcheu. Ndinawauza kuti pamene tikulankhula pano mpikisano uli mkati ndipo ine ndili pafupi ndi mphoto yanga yoyamba. Ndinatsindika kuti ndi zaulere, sindilipira kanthu.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anavala magalasi aja. "Ndinafika m'dziko lino inu musanamere ndevu," anatero. "Chaulere kuno ndi mvula yokha."

Anati bodza limeneli ndi lokonzedwa bwino, zikuoneka kuti sukulu yamadzulo ikundithandiza. Anati nkhani ya banja saikambira pamsewu anthu akumva, ndipo basi yotsatira tikwere tonse. Chikwama chinali chikadali m'manja mwanga. Mawu akuti bwererani anali asananenedwe. Ndinakwera.

Tinakhala pamwamba, kutsogolo. Amalume ankalankhula za malumbiro a ukwati, ine ndinkayang'ana mashopu a nsalu ndi a zipatso akudutsa m'munsimo. Chodabwitsa n'chakuti mtima unayamba kukhazikika. Ndinatsanzikana ndi ma chips anga limodzilimodzi. Ndinaona amayi akumasula chitenje chija n'kuchipinda, n'kuchibwezera m'sutikesi. Ndinawauza mumtima kuti adikire pang'ono, mwana akadali wamng'ono, ndipo akafika adzakhala akulankhula Chichewa chomveka. Dzuwa linkawala pa madenga a nyumba, ndipo London yense ankaoneka ngati malo amene munthu angathe kuyambiranso Loweruka likubwerali.

Titatsika ku Barking anandigwira phewa n'kupemphera pomwepo, pafupi ndi bambo wogulitsa nthochi. Anapempherera banja langa, maso anga ndi zala zanga. Atati ameni, anati tsopano ndikhoza kubwerera. Ndinawapatsa chikwama n'kutembenuka kuti ndithamange.

Anandiitana. Anati aganiza bwino. Nkhoswe siweruza zimene sinaone. Ngati ndikunena zoona, ndikawaonetse njuga yaulereyo ndi maso awo, Esnart ali pomwepo. Ndipo poti ndawaperekeza mtunda wautali chonchi, si ulemu kundisiya ndibwerere ndekha. Anandibwezera chikwama.

Choncho mlendo anaperekeza womuperekeza. Tinakwera basi ya ku Ilford, pamwamba, kutsogolo, mashopu omwe aja akudutsa chobwerera.

Tinapeza Esnart akumuluka Tadala tsitsi. Ataona kuti tabwera awiri, chipeso chinaima m'mwamba. Amalume anamuuza kuti atitsatire kuchipinda. Tinapanikizana atatu pakati pa bedi ndi kabati, mwana akusuzumira m'miyendo mwathu, tsitsi theka loluka theka loima. Ndinayatsa sikirini ndikudziwa kuti ndikupita kukaona maliro.

Tebulo panalibe. Mzungu uja panalibe. Panali kabokosi kondiyamikira, konena kuti ndathera pa nambala yachisanu ndipo mphoto yanga yalowa.

Ndinawerenga kawiri. Ndinatsegula mbiri ya masewerawo kuti ndimvetse. Ine ndili pa bus stop, anzanga aja anagwirana pakhosi. Aliyense ankaona makadi ake ngati uthenga wochokera kumwamba, n'kumaponya ma chips onse pakati. Ankagwetsana mmodzimmodzi, mzungu wa milomo yofiira anagwa ine ndisanakwere n'komwe basi. Mpando wanga wopanda munthu unkangotaya makadi mwaulemu, osakangana ndi aliyense, n'kumakwera. Msonkho uja unamaliza ma chips anga amalume akupempherera zala zanga ku Barking.

Amalume anawerama n'kuwerenga okha, chala chili pa sikirini. Anafunsa Esnart ngati ankazidziwa zimenezi. Esnart anavomera akuyang'ana pansi. Amalume anafunsa ngati ndalama ya m'nyumba inalowapo. Esnart anati ayi, akanadziwa. Anafunsa za mzungu, Esnart n'kuwauza kuti sabata yatha pamalo omwewo panali nyani wovala chipewa.

Kenako amalume ananditembenukira.

"Ndiye kuti mwawina muli ndi ine ku Barking?"

"Eya, malume."

"Nanga mukakhala pampandopo nokha, mumawina zingati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti poker ndi masewera ofuna nthawi, koma Esnart anandichita changu. "Sanawinepo, malume. Aka n'koyamba."

Sindinawaonepo a Mbewe akuseka chonchija. Anayamba ndi mapewa, kenako anakhala pabedi, kenako anavulanso magalasi kuti apukute misozi. Tadala, osadziwa chomwe chikuchitika, anayamba kuseka nawo n'kumalumpha. Esnart anabisa nkhope m'chitenje, koma msana wake unkagwedera. Ine ndinaima pafupi ndi mphoto yanga, imene ikanakwanira kulipira mabasi a tsikulo ndi kumugulira mwana ayisikirimu.

Atapeza mpweya, amalume anaweruza mlandu. Anati njuga ndi njuga ndipo sangaidalitse, koma lero agona bwino kuposa mmene ankayembekezera pa bus stop paja. Kumpingo sakanena. Anawonjezera kuti ngati ndikufunadi kuti mwana akaone agogo ake, iwo ali okonzeka kumabwera Loweruka lililonse kuti ndiziwaperekeza.

Usipa uja anadya nafe. Atatha anasamba m'manja, anathokoza, n'kunena kuti kwada, akupita. Onse anandiyang'ana. Ndinanyamula chikwama.

Nkhuku yanga yoyambayo sinaswe. Sabata yotsatira ndinalowa nayo mpikisano wolipira, ndinakhala pampando ndi nzeru zanga zonse, foni nditazimitsa, chitseko nditatseka, ndipo inatha tiyi akadali wotentha. Ndinaphunzirapo kuti pali ntchito zina zimene zimayenda bwino mwiniwake akachokapo.

Ku Ntcheu tinapita ndithu, patapita zaka, ndi ndalama za ovataimu ya Esnart ndi za ntchito ya muofesi imene satifiketi ya night school inandipezetsa. M'ndegemo Tadala anakhala pawindo, mphuno ili pagalasi, mano atsopano atamera. Mitambo inali pansi pathu ngati thonje loyanikidwa. Ndinamukumbutsa funso lake la pa basi lija, iye n'kutembenuka kudikira.

"Ndinkawatha kwambiri, mwana wanga," ndinatero. "Bola ndisakhalepo."